Seva ya ku Ulongwe

Lachinayi magetsi anathima ku Ulongwe,
m'chigawo chomwechi chimene chimaunikira maiko a eni.
Atayakanso, seva ya pachipatala inadzuka
ngati munthu wogona pamaliro a kutali:
dzina lake ikulidziwa, khomo ikuliona,
koma njira ya ku Tete, zii.

Dona Felizarda anaimba ndili m'bafa.
Zotsatira za magazi a anthu makumi anayi ndi atatu,
akuti, zaima pakhomo ngati mbuzi zamvula.
Iwe Evaristo, suja unati wakonza?

Ndinakonzadi, koma pakamwa pokha.
Ndinaiuza seva kuti zonse za ku labotale yaikulu
zizidzera pa chipata chachiwiri, 10.4.0.1,
osati chachikulu chija chopita ku intaneti.
Inavomera. Inayenda bwino masabata asanu.
Sindinalembe m'fayilo imene imawerenga podzuka.
Malonje a pakamwa anapita ndi mdima.

Ndinayesa kukonza ndili kuno ku Matundo,
laputopu pamwendo, thukuta m'maso,
ndipo chala chinatera pa 7 m'malo mwa 1.
Njira imene ndinalowera ndinaitseka ndekha.
Ndinagogoda. Ndinagogodanso.
Palibe amene anati lowani.

Ndiye chapa cha mbandakucha,
fumbi la malasha pa Moatize likulowa m'mano,
pa Mussacama kukhotera kumapiri,
bondo langa likukangana ndi thumba la mchere,
ulendo wa theka la tsiku
chifukwa cha nambala imodzi.

Kachipinda kake n'kozizira, kamanunkha sipiriti.
Pamwamba pa seva wina anaiwala kapu.
Ndinakoka mpando wothyoka mwendo,
ndinatsegula fayilo,
ndinalemba pang'onopang'ono, kuwerenga mokweza ngati mwana wa sukulu:
kopita ndi uku,
chipata ndi ichi,
potulukira ndi pa waya wachiwiri, wabuluu.
Mizere itatu basi.
Mipata ndinaiwerenga ndi chikhadabo,
pakuti fayilo iyi imanyanyala ndi mpata umodzi wopitirira.

Bambo anga atabwerako ku Dedza nkhondo itatha
anapeza njira ya kwawo ku Domwe itamera tsekera.
Anaiyenda ndi mutu wokha:
apa panali mkuyu, apa mlatho wamitengo.
Mlatho unalibepo.
Iwo anafikabe pagombe pomwepo, naima,
katundu ali pamutu, mpaka dzuwa kupendeka.
Njira imene ndalembayi ili ndi mtima womwewo.
Simva mphekesera, sifunsa anzake.
Chipata chija chikadzafa
idzatumabe uthenga komweko, mmawa ndi madzulo,
mpaka wina adzabwere kudzaiuza.

Felizarda anaima pakhomo, manja m'matumba a yunifolomu.
Watha?
Ndinati ayi, tiithimitse kaye.
Anandiyang'ana ngati ndapenga.
Koma mbiya imayesedwa ndi madzi,
ndipo mdima wodzipangira ndekha uli bwino
kusiyana ndi wobwera usiku ndili ku Tete.

Ndinadina.
Mafani anapuma. Kachipinda konse chete,
kunja wogulitsa mbatata ya kachewere akuitana malonda,
kuwodi mwana akulira, kuleka, kuliranso.
Nyali yobiriwira inaphethira.
Ndinaifunsa seva njira zimene ikudziwa,
ndipo pamzere wachitatu inalipo,
yosauzidwa, itavala kale nsapato.

Ndinatuma kamluzu ku Tete.
Kanabwerera.
Ndinatumanso. Kanabwerera.
Kuseri pulinta inayamba kutsokomola mapepala,
Felizarda n'kuthamanga osatsazika.

Ndisanatseke fayilo ndinaonjezera mzere
umene makina sawerenga, wa munthu wodzabwera pambuyo panga:
Njira iyi ndi ya magazi opita ku labotale.
Usaifute. Chipata chikasintha, sinthanso pano.
Ndinalemba tsiku, ndinalemba dzina.

Chapa chomaliza chinali chitapita.
Ndinagona pabenchi ya odikirira odwala,
jekete kumutu, kuzizira kwa Angoni kukulowa m'mawondo.
Cha m'ma 2 koloko magetsi anathimanso.
Ndinamva jeneleta ikukana kawiri isanalire.
Sindinadzuke.